Sopo wa pa Shelefu ya Kumanzere

"Ndiye mukuti ndilipire munthu amene sindikumuona akugwira ntchito?" a Kapitawo anafunsa, supuni ili m'mwamba ngati akuimbitsa kwaya. "Iye akhale kwawo, atambalale pampando, ine kuno ndizingokhulupirira kuti zikuyenda? Mayi, mwandiona bwanji?"

"Ndakuonani kuti tiyi wanu akuzizira," anatero Anathovu, akupukuta tebulo mozungulira kapu ya amuna awo. "Imwani."

"Musandizembe. Ine ndayang'anira anthu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Wantchito ukangomupatsa msana, nyundo imagona. Nanga uyu woti sitimuona n'komwe?"

"Uthenga wa mwini sitolo munabwera nawo ndinu nomwe. Anati sopo wamaliseche salowa m'sitolo mwake. Akufuna pepala lokutira lokhala ndi dzina, zimene timaikamo, kulemera kwake ndi tsiku lopangira. Anatipatsa masabata atatu, ndipo masiku awiri tadya kale ndi mkangano uno. Tikachedwa, shelefu ija apatsa wina."

"Ndijambula ndekha. Dzanja langa silinjenjemera."

"Dzanja lanu linalemba chikwangwani cha pageti. Zilembo zinayamba zazikulu ngati njovu, kumapeto zinapanikizana ngati anthu m'basi."

"Bolodi linali lalifupi."

"Sopo ndi wamfupi kuposa bolodi, bambo."

A Kapitawo anamwa tiyi uja mokwiya. Chipumireni pantchito ku fakitale ya misomali, analibe wina womuyang'anira koma akazi awo ndi sopo wa akazi awowo. M'chipinda cha kuseri, momwe Anathovu ankapangira sopo kwa zaka zisanu ndi zinayi, iwo sankalowamo, ati fungo la kositiki, mankhwala aukali opangira sopo, limawatsokomoletsa. Koma kukabwera munthu wovala nsapato zopolisha, ankavala tayi n'kukhala kutsogolo. Lamulo analiika okha: za kuseri n'za mayi, za kunja n'za bambo.

"Mayi wa mazira uja wandipatsa nambala," Anathovu anapitiriza. "Zomata zokongola za pa mathireyi ake zija anamujambulira ndi mtsikana ameneyu. Salembedwa ntchito ndi aliyense. Umamupatsa ntchito, amakaichita kwawo, amabweretsa, mwathana."

"Ndiye zimenezo ndikukanazo! Munthu wopanda bwana ndi ng'ombe yopanda chingwe."

"Ndamuitana kale. Akubwera mawa."

"Mwamuitana?" Anaika kapu pansi. Anaganiza kaye, n'kukonza kolala. "Chabwino. Koma woyankhula naye ndine."

Wojambulayo anafika m'mawa mwake pa nthawi yeniyeni imene ananena, chinthu chimene chinawalanda a Kapitawo mawu oyambira. Anali mzimayi wamfupi wa zaka ngati makumi atatu, wa magalasi aakulu, chikwama cha laputopu kumsana, nsapato zothamangira kumapazi. Anakhala pampando wa pabalaza n'kutulutsa kabuku.

"Ine ndimagwira ntchito motere, bambo. Lero ndikufunsani mafunso. Pakatha masiku anayi ndikutumizirani zithunzi ziwiri, musankhepo chimodzi. Mukasankha muli ndi mwayi wosintha kawiri. Kachitatu ndi ntchito ina, ndi mtengo wake. Ndimanena pachiyambi pomwe, paja nkhanga zinapangana kusanapse."

"Zamveka, mwanawe. Tsopano imva zanga. Kuno ntchito imayamba seveni koloko. Tebulo ndi ili, soketi ili apo. Ukafuna kutuluka umandiuza."

Wojambulayo anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo, mukapereka nsalu kwa telala, mumamunyamula ndi makina ake kubwera naye kwanu?"

"Telala ndimamudziwa."

"Inenso mundidziwa. Funso loyamba: amapanga sopoyu ndani?"

"Kampani yathu."

"Kampaniyo ili ndi manja?"

"Mwini wake ndine. Amayiwa amangothandizira kusakaniza."

Nthawi imeneyo n'kuti Anathovu akuika thireyi ya tiyi patebulo. Thireyiyo inatera mwamphamvu pang'ono, masupuni n'kulira. Wojambulayo anayang'ana manja amene anaiikawo, okhala ndi timabala toyera tambirimbiri m'zala, kenako anayang'ana manja osalala a a Kapitawo amene anapingasa pamimba.

"Mayi, ndikumva ngati kukhitchini kukuwira kanthu," anatero a Kapitawo.

Kukhitchini kunalibe chowira, koma Anathovu anapita, n'kusiya chitseko chili pang'ono.

"Mumaikamo chiyani?" wojambulayo anafunsa.

"Mafuta. Ndi zina. Chinsinsi cha kampani."

"Miyezo sindikuifuna, musaope. Ndikufuna mayina okha."

"Lemba mkaka ndi uchi."

"Zilimo?"

"Zimamveka bwino."

"Ine ndimalemba zimene zilimo basi. Mukafunse ku kampaniko munditumizire. Chithunzi tikagwirizana, mudzandipatsenso mtanda umodzi woti ndi wogulitsa, ndidzayeze m'litali, m'lifupi ndi pasikelo. Pepala limasokedwa ngati diresi, pamafunika mwini thupi."

Mlendo atangotuluka pageti, Anathovu anaima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno.

"Ndimangothandizira kusakaniza?"

"Mayi, ndi mmene timayankhulira anthu a bizinesi. Kampani imalemekezeka mwamuna akakhala patsogolo. Mukuganiza kuti mwini sitolo uja akanatipatsa shelefu mukanapita inu ndi epuloni yanu ya madontho?"

"Anaitanitsa sopo atasamba, sanaitanitse tayi."

"Koma amene anasaina pepala ndi tayi."

"Ngolo ikamayenda, amaoneka ndi amene wakhala pamwamba. Ng'ombe imangoona fumbi."

"Ndiye mukudzitcha ng'ombe? Ine sindinatero."

Anathovu anatsegula pakamwa, n'kukumbuka kuti mafuta ali pamoto kuseri. Mafuta akapsa sadikira kuti mkangano uthe. Umu ndi mmene nkhani za m'nyumbamo zinkathera kwa zaka zisanu ndi zinayi: bambo ankatsala ndi mawu omaliza chifukwa mayi anali ndi mphika pamoto.

Sabata imeneyo foni ya wojambulayo sinapume. Seveni koloko: "Wayamba?" Masana: "Wafika pati?" Madzulo: "Tandiuza zimene wachita lero, chimodzichimodzi." Tsiku lachitatu a Kapitawo anabwera patebulo nkhope itagwa.

"Mwana wopanda mwambo. Mukudziwa wandiyankha chiyani? Ati foni iliyonse imene ndikuimba ikudya ola la ntchito yanga yomwe. Ati ndikafuna kumva mawu ake, andijambulira ndizimvetsera."

"Ndiye mwatani?"

"Ndamuimbiranso kumuuza kuti si mayankhidwe amenewo."

Zithunzi zinafika tsiku lachinayi, pa foni ya bambo. China chinali ndi tsamba lobiriwira, china mtanda woyera wozunguliridwa ndi thovu. Anathovu sanazione. A Kapitawo anazikana zonse n'kulamula mkango. Mkango utabwera, anauyang'ana masiku awiri n'kuona kuti ukusowa ulemu. Anapita kokajambulitsa atavala suti.

Anathovu anaona chithunzicho mwangozi, Loweruka la sabata yachiwiri, amuna awo akuonetsa aneba pamwamba pa mpanda. Anasuzumira paphewa, dengu la zochapa lili m'manja. Pakati pa pepala panali nkhope ya a Kapitawo, yonyezimira, tayi yofiira, mkango utagona pansi pa chibwano. Pamwamba panalembedwa kuti Kapitawo ndi Ana Ake.

"Ana ake ati?" Anathovu anafunsa. "Aja amabwera pa holide kudzatenga sopo waulere?"

"Ndi mmene amatchulira makampani akuluakulu."

"Nanga nkhopeyi? Munthu avule zovala m'bafa, inu mukumuyang'ana chonchi? Ine ndemwe, mkazi wanu, ndingatembenuze pepalalo."

Aneba anaseka mpaka anagwira mpanda, kenako anakumbukira kuti ali ndi ntchito m'nyumba.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu."

"Kusintha kuja kunali kawiri, eti? Mkango, kamodzi. Nkhope, kawiri. Mwamaliza. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

"Za kunja n'zanga, mayi."

"Zitengeni. Koma tatsala ndi masiku asanu ndi limodzi."

Lolemba m'mawa wojambulayo anatumiza uthenga wopempha mtanda woyezera uja, pamodzi ndi mndandanda wa zoikamo umene unali usanafikebe. Anathovu anali atapita kukagula mafuta kutali, ulendo wa tsiku lonse. A Kapitawo anamanga mpango pamphuno, anakoka mpweya wambiri ngati wodumphira m'dziwe, n'kutsegula chipinda cha kuseri.

M'chipindamo munali tebulo lachitsulo, sikelo, ndowa ziwiri, zikombole zamatabwa ndi mashelefu awiri. Aliyense wolowamo kawirikawiri akanadziwa kuti sopo wongodulidwa kumene amayambira pa shelefu ya kumanzere. Amakhala pamenepo masabata asanu, kuuma ndi kutha ukali wa kositiki, kenako amasamukira kumanja kukadikira ogula. A Kapitawo anaona zina. Kumanja kunali mitanda yotuwa, yofota pang'ono m'mbali. Kumanzere kunali ikuluikulu, yosalala, yonyezimira, makona ake akuthwa ngati yochokera kunja. Anatola iwiri ya kumanzere n'kuthawa mpweya usanawathere.

Lachiwiri m'mawa geti linagogodedwa mopanda ulemu.

"Odi! Odi kuno!"

Wojambulayo analowa osadikira kuti amulandire. Laputopu anaisiya. Manja ake anali ofiira mpaka m'zigongono, chibwano ndi masaya zili mathothomathotho, zonse zitapakidwa mafuta. Anaponya kanthu kokulungidwa m'nyuzipepala patebulo la pabalaza.

"Bambo, ntchito yanu ndaisiya."

"Iwe, wasiya bwanji kutatsala masiku atatu? Tinapangana!"

"Tinapangana za sopo. Ichi si sopo, ndi moto. Ine chinthu chimene ndikuchijambulira ndimayamba ndachiyesa. Wa mazira uja, mazira ake ndinadya. Wanuyu ndinasamba dzulo. Taonani nkhopeyi! Mwana wa aneba wandithawa m'mawa uno."

"Ndi khungu la anthu a pakompyuta limenelo. Silinazolowere."

"Mafoni anu ndinapirira. Mkango ndinapirira. Tayi ndinaikongoletsa, Mulungu andikhululukire. Koma pansi pa pepala lililonse pamakhala kadzina kanga. Sindingaveke diresi labwino chinthu chowotcha anthu."

"Chawotcha ndani?"

Anali Anathovu, atatulukira kuseri, magolovesi ali m'manja. Anayang'ana nkhope ya mtsikanayo, n'kufutukula nyuzipepala ija. Anakanikiza mtandawo ndi chala chachikulu. Chala chinalowa ngati m'buledi.

"Uyu ndinamudula Lamlungu. Wafika bwanji kwa mwana wa eni?"

"Ndinamusankhira wabwino," anatero a Kapitawo.

"Pa shelefu iti?"

"Ya sopo wabwino."

"Kumanja kapena kumanzere?"

A Kapitawo anayang'ana manja awo onse awiri ngati akuwafunsa nzeru.

"Kumanzere. Wa kumanja uja ndi wakale, mayi. Watuwa. Ndimati ndikuuzeni kuti muzisamala katundu."

Anathovu anakhala pansi pa mkono wa mpando. Anayesa kukwiya, koma chimene chinatuluka ndi kuseka, kuseka kwa munthu amene watopa.

"Mayo ine! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zaka zisanu ndi zinayi mukudya za sopo, simudziwa kuti sopo amakhwima? Safunsa anadya phula, bambo, koma inu phulalo mwadyetsa mwana wa mnzanu." Anatembenukira kwa wojambulayo. "Pepa, mwanangu. Tabwera kuno, uone ndi maso ako. Ukakaona usiye ntchitoyo, sindikuletsa."

Wojambulayo anazengereza, koma anatsatira. M'chipinda cha kuseri Anathovu anasanduka munthu wina. Mawu awo anakwera, manja akuloza uku ndi uku. Anamuonetsa tizikwangwani ta masiku tomata m'mphepete mwa shelefu, momwe mitanda imatembenuzidwira Lachitatu lililonse, chifukwa chimene zenera silitsekedwa. Anatola mtanda wa kumanja, wotuwa uja, n'kuugogoda patebulo. Unalira ngati thabwa.

"Samba dzanja limodzi lokha, pamene sipanapse."

Wojambulayo anasamba kuseri kwa dzanja, maso atatsinzina, akudikira ululu. Ululu sunabwere. Kunabwera thovu loyera, lambiri, lonunkhira mandimu.

"Mayi! Ndiye sopo ameneyu?"

"Ndi yemweyo, anangokula msinkhu. Taika onse awiri pasikelo."

Wamng'ono msinkhu uja analemera kuposa wokhwimayo ndi magalamu makumi awiri. Wojambulayo anagwira pakamwa.

"Ndikanalemba kulemera kwa uyu, mwini sitolo akanati mukuba pasikelo. Ndipo pepala likanakhala lotayirira ngati jekete lobwereka. Mumaikamo chiyani, mayi?"

"Mafuta a mpendadzuwa, mafuta a kokonati, kositiki, madzi, fungo la mandimu."

"Mkaka ndi uchi?"

"Mkaka ndi uchi timamwera tiyi, akapezeka."

Wojambulayo analemba pa foni. Zimene analephera kupeza m'masabata awiri anazipeza m'mphindi khumi. Koma Anathovu anali atasiya kumvetsera. Ankayang'ana shelefu ya kumanzere, pamene panali mipata iwiri ngati mano oguluka.

"Bambo!"

A Kapitawo anaonekera pakhomo, mpango uli pamphuno.

"Pachoka iwiri. Winayo ali kuti?"

"Ndinapereka mphatso."

"Kwa ndani?"

Mpango unayankha zosamveka.

"Chotsani chinsanzacho. Kwa ndani?"

"Kwa mwini sitolo. Dzulo masana. Mu bizinesi, mayi, pamafunika kukumbutsa anthu kuti ulipo."

Anathovu anavula magolovesi, chala chimodzichimodzi. Anavula epuloni n'kuipachika pa msomali. Anakulunga mitanda iwiri ya kumanja ndi umodzi wa kumanzere, n'kuika m'chikwama chawo cha m'manja.

"Mwanangu, ndiperekeze. Nkhope yakoyo ndi umboni."

"Dikirani nditenge tayi," anatero a Kapitawo. "Ndikayankhula ndine."

"Mwayankhula kale. Tikupita kukakolopa."

Anatenga tayi ndithu. Anaimangira m'basi.

Ofesi ya mwini sitoloyo inali kuseri kwa mashelefu a zakumwa, kachipinda kodzaza makatoni, kokhala ndi sinki pakona. Mwini wake anali mzimayi wamtali, wa imvi zochepa, makiyi ambiri ali m'khosi. Ataona a Kapitawo sanawapatse mpando.

"Mwachita bwino kubwera nokha, ndimati ndikuimbireni. Mphatso yanu ija ndinaiika pa sinki ya antchito. Atsikana atatu a pa makina olipirira akukanda manja ngati agwira chitedze, ogula akuwayang'ana. Sopo amene ndinasamba mwezi watha si ameneyu. Kaya munandinyengerera ndi wogula kwina, sindikudziwa. Shelefu ija iwalani."

A Kapitawo anatsokomola, anakonza tayi, n'kumwetulira kumwetulira kwa m'maofesi.

"Madamu, ndi kulakwitsa kwa antchito athu a m'chipinda chopangira. Mukudziwa mmene alili antchito masiku ano. Ndawadzudzula kale mwamphamvu, ndipo ndikulonjeza kuti..."

"Antchitowo ndine."

Anathovu sanakweze mawu. Anangosuntha pang'ono n'kuima patsogolo pa amuna awo.

"Ndine wosakaniza, ndine wodula, ndine wosesa. Ndinenso mkazi wawo. Wondidzudzula sindinamuone. Sopo munasamba mwezi watha ndinapanga ine, ndipo amene wawotcha atsikana anu ndinapanganso ine. Kusiyana kwake n'koti woyambayo anakhala masabata asanu pa shelefu, uyu wakhala tsiku limodzi. Anatengedwa ine kulibe, ndi munthu amene sadziwa kumanja ndi kumanzere kwa chipinda changa."

Mwini sitoloyo anayang'ana Anathovu, anayang'ana a Kapitawo, kenako nkhope ya mathothomathotho ija.

"Nanga uyu?"

"Ndine wojambula mapepala okutira, mayi. Inenso ndinalandira mphatso."

"Ndiye ndikhulupirire bwanji kuti mawa simundibweretsera wina wotere?"

Anathovu anatulutsa mtanda wokhwima, anapita pa sinki, anapukusa thovu n'kusamba nkhope yonse, m'maso momwe. Anadzipukuta ndi mpango. Kenako anatenga mtanda womwewo n'kuukhudzitsa kunsonga ya lilime.

"Ife opanga timayesa chonchi. Wokhwima amangowawa ngati sopo aliyense. Wosakhwima amaluma ngati waya wa magetsi. Palibe mtanda umene umatuluka pakhomo panga ndisanayese gulu lake." Anatulutsa wonyezimira uja n'kuutambasula. "Bambo, mwini kampani ndinu. Tayesani amene munasankha."

"Mayi, pamaso pa anthu..."

"Yesani, bambo," anatero mwini sitoloyo, atapinda manja. "Si mwati mumayang'anira antchito?"

A Kapitawo anayang'ana azimayi atatuwo. Panalibe wowamvera chisoni. Anaimirira mowongoka ngati pa perete, anatulutsa lilime lonse, osati nsonga yokha, n'kunyambita mtandawo kuyambira pakona mpaka pakona.

Chimene chinatsatira anachimva ndi a pa makina omwe. Bambo aja anadumpha, anagunda katoni ya mabisiketi, anathamangira pa sinki n'kuika mutu pansi pa mpopi, tayi yofiira ikusambira m'madzi. Mwini sitoloyo anaseka mpaka makiyi a m'khosi analira. Wojambulayo ankafuna kuseka, koma masaya ankamuwawa, ndiye ankangolira ngati kamwana ka mphaka.

"Tsukuluzani kwambiri," anatero Anathovu, akuwasisita kumsana kawiri, osapitirira apo. "Simufa. Ine ndalumidwa kambirimbiri."

Mwini sitoloyo anapukuta misozi, anasamba m'manja ndi mtanda wokhwima uja, ananunkhiza zala, n'kukhala pampando wake.

"Chabwino. Shelefu yonse sindikupatsani, ndapsa kale kamodzi. Theka, kwa mwezi umodzi. Akayenda bwino tidzakambirana. Atsikana anga aja muwapepese nokha, aliyense ndi mtanda wake, wa mtundu uwu. Ndipo Lachisanu ndi Lachisanu ndithu. Iwe wojambula, zitheka?"

"Zitheka, ngati ndiziyankhula ndi amayiwa okha. Mkango uchoke, tayi ichoke, foni ya seveni koloko ithe. Wosindikiza akufuna tsiku limodzi, ine limodzi. Koma kusintha kumeneku n'kwachitatu, ndipo bambo akudziwa tanthauzo lake."

Ku sinki kunamveka mawu ofanana ndi kuvomera.

"Dzina?" anafunsa mwini sitoloyo. "Paja anandiuza kuti Kapitawo ndi ndani kaya."

"Mayi," anatero wojambulayo, "anthu akagogoda pageti amati akufuna chiyani?"

Anathovu anachita manyazi pang'ono, kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo.

"Amati akufuna wa Anathovu. Ndi dzina longondinena, limenelo."

"Ndiye dzina lake. Laulere, ndipo ogula analipanga okha."

Mwini sitoloyo anatsegula kabati, anatulutsa pepala la mgwirizano limene linasainidwa masabata apitawo, analiwerenga pamwamba n'kulipinda pakati. Anatulutsa lina losalembapo.

"Ine ndimafuna dzina la munthu woti sopo akavuta ndimuimbire, andiyankhe za sopo. Lembani apa, mayi. Nambala ya foni apa."

A Kapitawo anadzuka pa sinki, madzi akuyenderera m'kolala. Anayamba kutchula nambala yawo monga mwa chizolowezi, koma lilime linali lisanabwerere m'malo mwake, ndipo palibe anamva kuti ndi ziro kapena seveni.

"Gwirani ichi," anatero Anathovu, akuwapatsira chikwama cha m'manja.

Anachigwira ndi manja awiri.

Anathovu anakoka mpando, anapukuta zala pa siketi, n'kutenga cholembera. Ankalemba pang'onopang'ono, mokanikiza, monga munthu amene manja ake anazolowera mpeni wodulira sopo. Malo a dzina pa pepalalo anali aang'ono. Iwo analemba mpaka kupyola mzere, ndipo palibe anawaletsa.